Mboni Yanga Inangomwa Tiyi

"Amake mwana, chimakina chili kuseri kwanuko n'chogulitsa?"

Anandifunsa choncho ndi mayi a nyumba yoyandikana ndi yathu, a ku Zambia, ine ndikuyanika zovala. Nyumba za mumsewu wathu ku Middlesbrough zinali zogundana khoma ndi khoma, ndipo kuseri aliyense anali ndi kabwalo kake, kotchingidwa ndi kampanda ka njerwa kofika m'chifuwa. Mayiwo ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo anali atamva kuti kuntchito kwawoko akufuna makina otchipa opolishira pansi. Sanafunse mwachipongwe. Ankafuna kundithandiza.

Ndinawauza kuti makinawo si anga. Anaseka, n'kufunsa kuti nanga akutani pakhomo panga miyezi yonseyi atafunda pulasitiki ngati munthu wa malungo. Ndinati ndimawalipirira mwezi uliwonse, mapaundi 85, koma kugulitsa sindingagulitse, kubweza eni ake akukana, ndikawataya andimanga. Anasiya kuseka. Ine ndinamaliza kuyanika n'kulowa m'nyumba. Anthu amanditama kuti ndine woleza mtima. N'zoona, kudikira ndimatha. Koma kudikira si kusakwiya, ndipo nkhani ya makina amenewo ndimapsa nayo mtima mpaka lero.

Amuna anga ndi namwino. Ndiwo anayamba kubwera kuno atapeza ntchito pachipatala cha boma, ine n'kutsatira ndi khanda. Mwana wathu woyamba, mtsikana, tinamusiya kwa achemwali anga ku Mchinji ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, chifukwa nthawi imeneyo tinkagona m'chipinda chimodzi cha lendi ndipo ndalama sinakwane. Ndinamuuza ndi pakamwa pangapa kuti ndidzabwera kudzamutenga. Kuti zitheke pankafunika viza yake, tikiti yanga yopita ndi kubwera, tikiti yake, ndi ndalama ina yooneka ku banki yosonyeza kuti tingathe kumusunga. Zaka ziwiri tinasunga, amuna anga ndi mashifiti owonjezera, ine ndi ntchito yokolopa kunyumba ina ya okalamba. Pofika Malichi wa chaka chimenecho tinali ndi mapaundi 4,500, tinali titasamukira m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo tinapangana kuti mwana adzadyera Khirisimasi kuno. Ndinali nditamugulira kale jekete lofiira la nthawi yozizira. Linkakhala pa hang'ala kuseri kwa chitseko cha chipinda chake.

Sukulu ndinalekezera sitandade seveni, koma malonda ndinakula nawo. Mayi anga ankagula mtedza nthawi yokolola n'kudzagulitsa mvula ikayamba, ndipo sankafuna kuona ndalama ikugona m'chitini. Ndiye nditaona chilengezo m'nyuzipepala yaulere imene ankaponya pakhomo, chakuti khalani ndi bizinesi yanuyanu yoyeretsa maofesi, makasitomala tikupezerani ndife, mutu wanga unawerengera msanga. Ndalama ingokhala ku banki kuyambira Malichi mpaka Disembala, miyezi isanu ndi inayi, osagwira ntchito? Komanso ndinkafuna ntchito yoti maola ndizisankha ndekha, kuti mwana akadzabwera azidzandipeza pakhomo akaweruka kusukulu. Bizinesi yotere amaitcha fulanchaizi. Umagula ufulu wogwiritsa ntchito dzina la kampani ya eni ake, iwo n'kumakupatsa makasitomala, iwe n'kumagwira ntchito, ndalama n'kumagawana. Kukolopa ndinkakudziwa. Ndinaimba foni.

Anati atumiza munthu kunyumba Lachinayi masana. Tsiku limenelo amuna anga anali pa shifiti ndipo sakanatha kusinthana ndi wina. Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene kwathu aliyense akanati ndachita mwanzeru. Ndinaitana mboni.

Bambo anga ankabwereketsa dimba, kugulitsa ng'ombe, ngakhale kukongoza matumba a feteleza popanda pepala lililonse. Ankangoitana munthu wamkulu wodziwika n'kumukhazika pampando, mawu onse n'kulankhulidwa iye akumva. Zikatero nkhani yatha. Wina akadzasintha mawu, mboni inkanyamuka, ngakhale kuwoloka mitsinje iwiri, n'kukanena kuti ayi, ine ndinalipo, munanena zakutizakuti. Ndinakula ndikudziwa kuti pepala limanyowa, limadyedwa ndi chiswe, koma mawu onenedwa pamaso pa mboni safufutika.

Ndiye ndinapempha bambo wina, mkulu wa mpingo pagulu lathu la Amalawi limene linkapemphera m'holo ya lendi Lamlungu masana. Anali munthu wophunzira. Anabwera kuno kudzachita sukulu ya ukachenjede n'kupeza ntchito ya makompyuta, ndipo Chizungu chawo ngakhale eni ake ankachita kutchera khutu. Ndiwonso ankasunga thumba la maliro, ndalama imene tinkasonkha kuti wina akamwalira kuno mtembo upite kumudzi. Ndinawauza momveka bwino kuti bambo, ndikufuna mudzakhale mboni yanga. Anavomera, nati palibe vuto mayi, ndife amodzi. Anafika atamanga tayi. Ndinakazinga mandasi, ndinatulutsa makapu a alendo.

Wa kampaniyo anali mzungu wachikulire, wa imvi, waulemu kwambiri. Anavula nsapato pakhomo osauzidwa. Anaseweretsa mwana. Anayamikira mandasi, n'kufunsa dzina lake, n'kuyesa kulitchula mpaka tonse tinaseka. Kenako anatulutsa pepala loyera ndi cholembera n'kuyamba kulemba manambala pa tebulo langa. Anati ndikalipira mapaundi 6,000, kampani indipatsa maofesi oti ndiziyeretsa okwana mapaundi 2,000 pamwezi, ndipo izi zichitika miyezi itatu isanathe. Anati ena amapitirira pamenepo, koma iye sakonda kukokomeza.

Ine ndinamva, koma ndinkafuna kuti mboni imve. Ndinatembenukira kwa akulu a mpingo aja n'kuwapempha m'Chichewa kuti amufunsenso ngati 2,000 imeneyi ndi yolowa m'thumba mwanga. Anamufunsa. Mzunguyo anamwetulira, n'kuzunguliza nambala ija ndi cholembera, nati mayi akagwira ntchito molimbika, imeneyi ndi yawo. Ndinawapemphanso afunse ngati maofesiwo adzakhale ofikika pa basi, poti sindiyendetsa galimoto. Anati onse ndi a m'dera lomwe lino. Katatu konse nambala imeneyo inatchulidwa m'nyumba mwanga, akulu a mpingo ali ndi kapu m'manja, akugwedeza mutu.

Atamaliza, mzungu uja anapinda pepala la manambala n'kuliika m'chikwama chake. Ndinaona. Dzanja langa linafuna kunyamuka. Koma ungalande bwanji pepala m'manja mwa mlendo wamkulu amene wadya m'nyumba mwako? Ndinadziuza kuti pepala n'lachiyani, mboni ndili nayo, yamva ndi makutu onse awiri.

Pepala limene anasiya linali lina, kontirakiti ya masamba ambiri, ya tizilembo tonga nyerere. Ndinapereka kwa akulu a mpingo. Anatsegula tsamba loyamba, lachiwiri, enawo n'kungowayendetsa ndi chala chachikulu ngati akuwerenga ndalama, nati izi n'zachizolowezi mayi, makampani onse amalemba chonchi. Amuna anga atabwera anayang'anako pang'ono, maso ali psuu ndi kutopa, n'kufunsa ngati akulu a mpingo aona. Ndinati aona. Sabata yotsatira ndinasaina. Ndinapereka 4,500 ya mwana ija, ndi 1,500 ya chipereganyu chimene tinkachita amayi asanu, poti mwezi umenewo wolandira ndinali ine. Makina opolishira anati ndi ofunika kwa aliyense woyamba, koma ndisadandaule, ndizingolipira pang'onopang'ono. Limenelo linali pepala linanso, la kampani ina, la zaka ziwiri. Ndinasainanso. Ntchito ya kwa okalamba ndinasiya.

Lamlungu lotsatira amayi anzanga a chipereganyu anandilandira ndi nthabwala. Wina anandipukutira mpando ndi chitenje chake, nati abwana a kampani asakhale pa fumbi. Wina anati mukayamba kulemba antchito musaiwale ife amene tinadya nanu bonya. Ndinaseka nawo, ndipo mumtima ndinkaonadi tsiku limene ndidzalembe mmodzi wa iwo.

Anandiphunzitsa masiku awiri, n'kundipatsa yunifolomu yobiriwira, ndowa ya mateyala, mopu ndi mabotolo a mankhwala. Ofesi yoyamba inali ya dokotala wa mano, ulendo wa basi imodzi kuchokera kunyumba. Yachiwiri inali kaofesi ka ogulitsa nyumba. Ndinkazigwira ndi mtima wonse. Ndinkapukuta ngakhale kuseri kwa mapaipi a m'chimbudzi, kumene munthu sayang'ana. Makina aja anali olemera ngati thumba la simenti. Tsiku lina ndinawakoka mpaka pa siteji, dalaivala wa basi n'kungowayang'ana n'kupukusa mutu, ine n'kuwakokanso kubwerera, anthu akundipatuka. Ndipo kunalibe chowatengera, chifukwa m'maofesi onse awiri pansi panali kapeti. Sindinawalumikizepo ku magetsi ngakhale kamodzi.

Kenako makalata anayamba kubwera. Ofesi ku Newcastle, yoti ikhale itayera sikisi koloko m'mawa isanakwane, nthawi imene basi yoyamba imakhala isanatuluke n'komwe. Ofesi ku Bradford, ntchito ya maola awiri, koma ulendo wopita ndi kubwera wotha tsiku, tikiti yake yoposa malipiro. Ndinkaimba foni n'kufotokoza mwaulemu kuti sindingathe, ndili ndi mwana, ndilibe galimoto, paja munanena kuti m'dera lomwe lino. Mtsikana wa pafoni ankati palibe vuto, walemba. Sindinkadziwa chimene ankalemba. Ankalemba kuti ndakana. M'kontirakiti muja munali mawu akuti kampani ikangokulozera ntchito, lonjezo lake lakwaniritsidwa, kaya waitenga kaya waikana. Ndipo dera lomwe lino, malinga ndi mapu a kumapeto kwa kontirakitiyo, linali kumpoto konse kwa England.

Mwezi wachitatu utatha, pepala la malipiro linati makasitomala alipira 640. Pansi pake panali mndandanda wa zochotsa: gawo la dzina la kampani, gawo la oyendetsa, inshuwalansi, mankhwala, ndi ina yoti ndi yondipezera kasitomala. Yotsala inali 310. Pamenepo ndichotsenso 85 ya makina ndi ya basi. Kwa okalamba kuja ndinkalandira kawiri kuposa apa, ndipo mopu unali wawo. Chipereganyu nacho sichinaime, anzanga otsala anali kudikira kulandira, ndipo gawo langa linayamba kuchoka pa malipiro a amuna anga.

Ndinaimba foni kufuna mzungu wa imvi uja. Anati ali kumsonkhano. Mawa lake anali pa ulendo. Sabata inayo anati iye ndi wa zogulitsa, za malipiro si zake. Mtsikana uja anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi mwana wa ku mkaka, kuti 2,000 ndi ndalama imene makasitomala akanalipira kampani ndikanatenga ntchito zonse zimene anandilozera, ndipo ndi ndalama yake zochotsa zisanachotsedwe. Ndinamuuza kuti si zimene zinanenedwa m'nyumba mwanga. Anandifunsa ngati ndili ndi pepala.

Ndinapirira. Ndinkadziuza kuti mtedza nawonso mayi sankaugulitsa tsiku lougula. Miyezi khumi ndi umodzi ndinakwera basi ndi ndowa yanga, kaya mvula, kaya mphepo ya kunyanja ija yolowa m'mafupa, mwana tikumapatsirana pa siteji, amuna anga akutsika ine ndikukwera. Ndinkaganiza kuti akaona mmene ndikugwirira ntchito andipatsa maofesi apafupi. Ndinkaganiza ngati munthu wolembedwa ntchito, kuti bwana amaona.

Disembala itakwana ndinagula khadi ya foni n'kuimbira ku Mchinji. Achemwali anayenda naye mwanayo kupita kwa aphunzitsi ena amene anali ndi foni. Ndinamuuza kuti Khirisimasi ino sizitheka, koma posachedwa. Sanalire. Anangofunsa kuti, "Amayi, jekete lija lidzandikwanabe?" Ndinati lidzakukwana. Achemwali atatenga foni anandiuza kuti mwanayo wakhala akuuza anzake kusukulu kuti temu yamawa sadzamuonanso, moti makope ake ena anagawa kale.

Mu Febuluwale kunabwera kalata yoti dokotala wa mano wadandaula za fumbi, choncho ofesiyo andilanda. Ndinapita kukapepesa ndi kukafunsa kuti fumbilo linali pati. Mayi wolandira alendo anadabwa, nati iwo sanadandaule kalikonse, kampani ndi imene inawauza kuti ndasiya ndekha. Ndikutuluka ndinakumana pakhomo ndi mayi wina wakuda ngati ine, yunifolomu yobiriwira yatsopano, mapindo ake akuonekabe, ndowa ya mateyala ikunyezimira. Anandipatsa moni mosangalala, nati wayamba kumene, bizinesi ndi yakeyake. Ndinamufunsa kuti anamulonjeza zingati. Anati 2,000. Ndinamuuza kuti akafunse pepala la manambala, asunge. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati munthu wansanje, n'kulowa.

Pakhomo pamenepo ndi pamene ndinamvetsa. Malonda a kampani imeneyo sanali kuyeretsa maofesi. Malonda ake tinali ife. Ofesi imodzi yomweyo ankaigulitsa kwa uyu, n'kumulanda, n'kuigulitsanso kwa wina amene wabwera kumene ndi 6,000 yake.

Ndinapita ku ofesi yopereka uphungu waulere m'tauni, iwo n'kunditumiza kwa loya wina wamkazi. Ola limodzi ndi kalata imodzi, mapaundi 180. Anawerenga kontirakiti yonse, munthu woyamba kutero, n'kuika chala pa ndime ina cha kumapeto, n'kundimasulira m'Chizungu chophweka. Ndimeyo inkati zonse zimene tagwirizana ndi zolembedwa muno basi, ndipo ine wosaina ndikuvomera kuti sindinadalire mawu alionse amene wina anandiuza pakamwa okhudza ndalama zimene ndingapeze. Ndiye kuti munthu uja ankalankhula m'nyumba mwanga, akudya mandasi anga, akudziwa kuti m'chikwama mwake muli pepala lofufuta chilichonse chimene akunena. Ndipo ine ndinasaina kuti sindinamve zimene ndinamva.

Ndinafunsa ngati dziko lino lilibe lamulo loletsa zotere. Anati lamulo lokakamiza makampani a fulanchaizi kulemba poyera ndalama zimene anthu awo amapezadi kulibe. Koma kunamiza munthu kuti asaine ndi mlandu ndithu, ndipo ndime ngati imeneyo siiteteza kampani nthawi zonse, makamaka ngati wolankhulayo ankadziwa kuti akunama. Vuto ndi umboni. Mawu anga okha, poyerekeza ndi pepala limene ndinasaina, n'ngopepuka. Anandichenjezanso kuti kukhoti wogonja amalipira maloya a mbali zonse, ndipo kampani ili ndi ndalama zokokera nkhani zaka. Kenako anafunsa ngati pepala la manambala lija ndili nalo. Ndinati analitenga. Anafunsa ngati m'chipindamo munali munthu wina.

Ndinatsala pang'ono kuimirira. Ndinati analipo, ndinachita kumuitanira zomwezo. Loyayo anasendera kutsogolo, nati ngati munthu ameneyo angalembe zimene anamva n'kusaina, kalata yopita ku kampani ikhala yolemera, ndipo makampani otere nthawi zina amabweza ndalama ina mwakachetechete poopa khoti. Sanandilonjeze kanthu, koma ndinatuluka ndikuyenda ngati mtsikana. Ndinkadziuza kuti kodi ndiye nzeru za bambo anga zikugwira ntchito ngakhale kuno.

Loweruka masana ndinapita kunyumba kwa akulu a mpingo aja. Sindinapite chimanjamanja, ndinanyamula nyemba za kumudzi zimene ndinkazisungira tsiku lalikulu. Akazi awo anandilandira n'kulowa m'khitchini. Ine ndinakhala m'mphepete mwa mpando, manja pamaondo, n'kufotokoza zonse kuyambira poyamba. Anamvetsera akugwedeza mutu monga ankachitira tsiku lija. Nditatchula zolemba ndi kusaina, mutu unasiya kugwedezeka.

"Mayi, paja ine ndinangobwera kudzakuperekezani."

"Ayi bambo, ndinakupemphani kuti mukhale mboni. Munavomera."

Anati inde, koma umboni wa kwathu ndi wina, wa kuno ndi wina. Kwathu mboni imayanjanitsa anthu, siikokera anthu kukhoti. Anati mapepala awo opempha kukhala nzika ali m'kati, ndipo ino si nthawi yoti dzina lawo lizioneka m'makalata a maloya. Ndinawauza kuti ndinafunsa kale, loya wanena kuti mboni siimbidwa mlandu ndipo izi sizikhudza mapepala a munthu. Anamwetulira, nati maloya amanena zambiri. Kenako anayang'ana kudenga n'kunena kuti komanso papita nthawi, nambala yeniyeniyo sakuikumbukira bwino, mwina anati 2,000, mwina anati zikhoza kufika cha kumeneko, ndipo munthu wa Mulungu sangasainire chinthu chimene akukayika.

"Mandasi munadya anayi, bambo. Amenewo ine ndikukumbukira. Nambala munaifunsa ndinu, ndi pakamwa panupo."

M'khitchini masipuni anasiya kulira. Iwo sanakwiye, ndipo chimenechi ndi chimene chinandiwawa kwambiri. Anati akumvetsa kuti ndili pa ululu, ndiye tiyeni tipemphere. Ndipo ine, chitsiru cha mkazi, ndinatseka maso. Anapempherera bizinesi yanga, anapempherera mwana wanga wa ku Mchinji pomutchula dzina, anapempha kuti Mulungu afewetse mitima ya eni kampani. Ndinati ameni. Potuluka ndinathokoza, ndinapinda bondo pakhomo monga ndinaphunzitsidwira. Nyemba zija ndinazisiya komweko. Mu basi ndinaluma mpango wanga kuti ndisakuwe.

Kunyumba ndinauza amuna anga kuti Lamlungu ndiimirira pamaso pa mpingo wonse n'kunena zonse. Iwo anandifunsa kuti mmodzi wa ife akamwalira kuno, thumba la maliro ali nalo ndani, ndipo adzaimbe mafoni ndani kuti mtembo ukwere ndege. Anati Amalawi m'tauni muno sitidzaza basi imodzi, ukayambana ndi mmodzi wayambana ndi onse. Anati nawonso ndi olakwa, anayenera kuwerenga kontirakiti ija okha m'malo mofunsa ngati ena aona. Sindinawatsutse, ndipo sindinawatonthozenso. Lamlungu ndinapita kukapemphera, ndinaimba nyimbo zonse, ndipo akulu a mpingo anandipatsa moni wa dzanja pakhomo n'kufunsa kuti mwana ali bwanji kumudzi.

Loya analembabe kalata popanda mboni. Yankho linabwera la mizere isanu, lotilozera ku ndime ija, ndi kundikumbutsa kuti ndikasiya sindiloledwa kuyeretsa ofesi iliyonse pandekha m'deralo kwa chaka chathunthu. Loyayo anandiuza mosabisa kuti kupitirira apa ndi kuika pachiswe ndalama imene ndilibe. Ndinabweza makiyi a kaofesi kotsala kaja, ndinabwerera kwa okalamba kukapempha ntchito yanga yakale, ndipo anandilandira. Makina anatsala kuseri, poti eni ake anali kampani ina, ndipo inati mkangano wanga ndi oyeretsa maofesi sukuikhudza, zaka ziwiri ndi zaka ziwiri.

Mzungu wa imvi uja ndimamukwiyira, chifukwa anavula nsapato pakhomo panga akudziwa chimene wadzera. Ndimakwiyira amene anakhala pansi n'kulemba ndime yoti munthu avomere kuti sanamve zimene wauzidwa, ndi amene amalola ndime yotere kubisala kumapeto kwa masamba, kumene munthu wotopa safika. Koma amenewo sanandiuzepo kuti ndife amodzi. Amene anakhala pampando wanga ngati mboni ankadziwa tanthauzo la mpando umenewo, chifukwa anakulira komwe ndinakulira ine. Ankadziwanso za kuno. Akanangonena m'Chichewa chomwecho, mzunguyo osamva, kuti mayi, kuno mboni ndi pepala, musalole lilowe m'chikwama. Akanati musasaine, ndipatseni ndikawerenge kunyumba. Anangomwa tiyi.

Tinayambanso kusunga kuchokera pansi. Zaka ziwiri za makina zitatha, anthu awiri anabwera ndi vani kudzawatenga, n'kundisainitsa kuti ali bwinobwino. Akanalephera bwanji kukhala bwino? Disembala ya chaka chimenecho ndinapita ku Mchinji n'kubwera naye mwana, ali ndi zaka khumi. Sabata zoyamba ankandilankhula ngati mlendo, n'kumapempha chilolezo asanatsegule fuliji, ndipo akafuna kulira ankapempha foni kuti alankhule ndi achemwali. Jekete lofiira lija anayesa, mikono yake n'kulekeza pansi pa zigongono. Analivula n'kulipinda bwinobwino, nati tisungire mng'ono wake.

Mayi a ku Zambia aja, amene ndinali nditawafotokozera nkhani yonse pa kampanda, anamuona mwanayo akusewera pamalo pamene pankakhala makina. Anandiitana n'kufunsa motsitsa mawu kuti kodi zonse pamodzi zinapita zingati. Sindinafune pepala. Ya kampani 6,000. Ya makina, 85 kwa miyezi 24, ndi 2,040. Ya loya 180. Zonse pamodzi mapaundi 8,220, ndi zaka ziwiri za mwana wanga.